Kodi boma la America lingatipatse ndalama zopangira kachipangizo koyezera okosijeni wa ana akhanda?

Funso: Ndine namwino ku wodi ya ana akhanda pachipatala china ku Indiana, ndipo ndili ndi green card. Mchimwene wanga wamng'ono anaphunzira za zipangizo za m'chipatala ku Blantyre. Awiriwe tapanga kachipangizo komangirira kuphazi kwa khanda koyezera okosijeni m'magazi, ndipo tikukhulupirira kuti sikanama pa khungu lakuda ngati mmene zina zimachitira. Ndamva kuti boma la kuno limapereka ndalama zosabweza kwa makampani ang'onoang'ono opanga zinthu zotere. Kodi n'zoona? Munthu ngati ine angazipeze? Nanga tingakayesere kwathu, poti ana akhungu lakuda ali kumeneko?

Yankho: Achemwali, zimene mwamvazo n'zoona. Ndalamazo zilipo, si ngongole, ndipo boma silitenga gawo lililonse la kampani yanu ikadzayamba kupanga phindu. Zimabwera kudzera m'mapulogalamu awiri otchedwa SBIR ndi STTR, ndipo pa nkhani za umoyo thumba lalikulu lili ku NIH, bungwe la boma loona za kafukufuku wa matenda, lomwe likulu lake lili ku Bethesda m'chigawo cha Maryland. Green card yanu, chilolezo chokhala m'America mokhazikika, ikukwanira kuti mukhale mwini wake wa kampani yopempha. Povuta ndi pa achimwene anuwo ndi pa zokayesera kwathu, ndipo ndifikapo. Koma choyamba mumvetse chimene ndalamazi zimagula, chifukwa ambiri okanidwa amagwera pomwepa. NIH siipereka ndalama zoyambira bizinesi, kapena zoti mupange zipangizo mazanamazana n'kukagawa m'zipatala. Imalipira kuti muyankhe funso limodzi la sayansi limene yankho lake silikudziwika, ngakhale kwa inu eni ake, ndipo funsolo likhale loti yankho likatuluka kuti inde, pabadwe chinthu choti anthu angagule.

SBIR inayesedwa koyamba ku National Science Foundation, bungwe la boma lothandiza kafukufuku wa sayansi, mu 1977, motsogoleredwa ndi Roland Tibbetts, ndipo mu 1982 Ronald Reagan anasainira lamulo loifikitsa ku nthambi zina za boma. Lamuloli limati nthambi iliyonse imene imapereka madola opitirira 100 miliyoni pachaka pa kafukufuku wochitidwa ndi anthu akunja kwa nthambiyo ipatule gawo lina la makampani ang'onoang'ono, ndipo gawolo linakwera mpaka 3.2 peresenti. STTR inabwera mu 1992, ndipo yake ndi 0.45 peresenti. Ku NIH ziwirizi pamodzi zimapitirira madola 1 biliyoni pachaka. Ndiye musapite kumeneko ngati wokapempha chifundo. Ndalamazo anazipatula kale, ndipo ogwira ntchito kumeneko amafunafuna oti awapatse. Chimodzi chokha musachiiwale: Congress, nyumba ya malamulo ya America, imayenera kumawonjezera nthawi ya lamuloli pakapita zaka zingapo. La mu 2022 linafika pa 30 Sepitembala 2025, aphungu anachedwa kuliwonjezera, ndipo NIH inayimitsa kulandira mafomu atsopano. Tsiku limene mukuyamba ntchitoyi, tsegulani tsamba la NIH la makampani ang'onoang'ono muone ndi maso anu chilengezo chimene chili chotsegula, masiku ake ndi malire a ndalama zake.

Ndalama zimabwera m'magawo. Phase I ndi yoonetsa ngati ganizo lanu lingatheke, imakhala ya madola pafupifupi 300,000, ndipo nthawi zambiri ntchito yake imatenga miyezi 6 mpaka chaka. Phase II ndi yopanga chipangizo chenicheni ndi kuchiyesa mokwanira, ndipo imafika madola pafupifupi 2 miliyoni pa zaka ziwiri kapena zitatu. Chimene amachitcha Phase III chilibe ndalama za SBIR ayi, ndi nthawi imene mukuyenera kuima panokha ndi ndalama za ogula kapena za anthu oika chuma m'kampani. Supuni ya Liftware, yothandiza anthu onjenjemera manja kuti chakudya chisatayike, inadutsa njira imeneyi: Anupam Pathak ndi anzake anaipanga ndi ndalama za SBIR zochokera ku NIH, ndipo mu 2014 Google inagula kampani yawo. Inuyo yang'anani Phase I basi. Pali njira yolumphira ku Phase II, koma ndi ya anthu amene ali kale ndi umboni wokwanira m'manja.

Za kampani n'zosavuta. Ikhale yopanga phindu, yolembetsedwa ndi kugwirira ntchito ku America, ya antchito osapitirira 500, ndipo gawo loposa theka likhale la nzika za America kapena za anthu a green card. Lamulo limene limadzidzimutsa anamwino ndi madokotala ndi la mtsogoleri wa kafukufuku, amene amamutcha PI. Mu SBIR, munthu ameneyu ayenera kukhala wogwira ntchito kukampaniyo nthawi yoposa theka kuyambira tsiku limene ndalama zatuluka mpaka ntchito itatha. Ngati panopa mumagwira mashifiti atatu a maola 12 pa sabata, imeneyo ndi ntchito yathunthu, ndipo simungaisunge n'kukhalanso PI. Mudzayenera kutsika n'kumangopita kuchipatala apo ndi apo, ndipo mwina inshuwalansi ya chipatala ya banja lanu ipita nazo. Polemba fomu simufunika kusiya ntchito, lamuloli limagwira ndalama zikatuluka. Komabe nkhani imeneyi mukambirane ndi a kunyumba kwanu lero, musadikire kalata ya NIH.

N'chifukwa chake kwa munthu wa ngati inu ndimakonda STTR. Kumeneko kampani imagwirizana ndi yunivesite kapena bungwe la kafukufuku losapanga phindu. Kampani ichite osachepera 40 peresenti ya ntchito, yunivesite osachepera 30, ndipo PI akhoza kukhala wa mbali iliyonse. Muli pabwino ku Indiana: Purdue ili ku West Lafayette, Notre Dame ili pafupi ndi South Bend, ndipo sukulu ya udokotala ya Indiana University ili ku Indianapolis pamodzi ndi chipatala cha ana cha Riley. Mukapeza mphunzitsi wa zoyezayeza ndi kuwala amene wachita chidwi ndi kachipangizo kanu, mwapeza labotale, ophunzira othandiza, komiti yoona za ufulu wa oyesedwa, ndi dzina limene oweruza mafomu angalikhulupirire. Mtengo wake ndi wakuti yunivesite imatenga ndalama zake zoyendetsera ntchito, ndipo imafuna mgwirizano wolembedwa wonena kuti zopezeka pa kafukufukuyo zidzakhala za yani. Pepala limenelo musalisainire musanamuonetse loya wanu, osati wa yunivesite.

Tsopano achimwene anu. Akhoza kukhala ndi gawo m'kampani, bola lisafike theka. Potsatira lamulo la mu 2022, wopempha amadzaza fomu yoonetsa ubale wake ndi mayiko akunja, eni magawo, mapangano ndi ndalama zochokera kunja. Mayiko amene boma limawayang'anitsitsa ndi China, Russia, Iran ndi North Korea. Malawi mulibe m'gulu limenelo, koma zimenezi sizikutanthauza kuti mubise dzina lawo. Lembani zonse, ndipo ngati pali kampani ya ku Shenzhen ku China imene munapangana nayo zokupangirani timabolodi ta magetsi, muitchulenso. Chimene simungachite ndi kuwalipira achimwene anu malipiro kuchokera mu granti ali ku Blantyre. Lamulo limati ntchito yonse ya SBIR ndi STTR ichitikire pa nthaka ya America. Amalola kupatuka mwa apo ndi apo, ngati chinthu chofunikacho sichipezeka mu America muno, ndipo chilolezo chiyenera kubwera cholembedwa ntchito isanayambe. Mu 2025 NIH inakhwimitsanso kwambiri katumizidwe ka ndalama kwa ogwira nawo ntchito a kunja.

Mfundo yanu yakuti ana akhungu lakuda ali kwathu singadutse pamenepa, ndipo ndikuuzeni mosabisa kuti oweruza angaione ngati chizindikiro chakuti simunaganize mokwanira. Ana akhungu lakuda amabadwa tsiku lililonse ku Indianapolis, ku Gary, ku Chicago ndi ku Detroit. Vuto mukulimbana naloli ndi la America yemweyu, ndipo imeneyo ndiyo mphamvu ya fomu yanu. Palinso china chimene ndimachimva mumtima: mwana wobadwa masiku asanakwane ku Chatinkha kapena ku Bwaila asakhale woyamba kumangiriridwa kachipangizo kamene sikanayesedwe pa munthu wamkulu wovomera yekha. Kwathu kuli malamulo ake. Kafukufuku wa pa anthu amadutsa ku makomiti ovomereza kafukufuku, NHSRC ya Unduna wa Zaumoyo kapena COMREC ya Kamuzu University of Health Sciences, ndipo zipangizo za m'chipatala zili m'manja mwa PMRA, bungwe loona za mankhwala. Nthawi yokayesera kwathu idzafika, koma idzafika pambuyo, ndi ndalama zochokera kwina.

Njira imeneyo ena anaiyenda kale. Makina othandiza ana akhanda kupuma otchedwa Pumani anayamba ngati ntchito ya ophunzira a ku Rice University ku Houston, pansi pa Rebecca Richards-Kortum ndi Maria Oden, mogwirizana ndi madokotala a ku Queen Elizabeth Central Hospital, kuphatikizapo Elizabeth Molyneux ndi Kondwani Kawaza. Mpweya ankaupopa ndi timapampu ta m'matanki owetera nsomba. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2014 anapeza kuti mwa ana obanika kwambiri, 71 peresenti ya oikidwa pa makinawa anapulumuka, poyerekeza ndi 44 peresenti ya olandira okosijeni wa m'mphuno yekha. Ndalama zofalitsira makinawa m'zipatala za boma sizinachokere ku SBIR. Zinachokera ku Saving Lives at Birth, thumba limene USAID inasonkha pamodzi ndi boma la Norway, Gates Foundation, Grand Challenges Canada ndi boma la Britain, ndipo opanga makinawo anakhala kampani yaing'ono ya ku California. USAID inatsekedwa mu 2025, ndiye khomo limenelo musalidalire. Koma NEST360, mgwirizano umene unakula kuchokera pa ntchito ya Pumani, unalemba pamodzi ndi UNICEF mu 2020 ndondomeko ya zimene chipangizo chilichonse cha ana akhanda chiyenera kukwanitsa m'zipatala zosowa zambiri, ndipo choyezera okosijeni chilimo. Achimwene anu aiwerenge mzere ndi mzere, ndipo akagogode ku malo opangira zipangizo a ku MUBAS kapena ku MUST ndi ku National Commission for Science and Technology ku Lilongwe. Mwendo wa ku Malawi uyende ndi ndalama zake, mwendo wa ku America ndi zake, mabuku a ndalama osasakanikirana.

Musanapite patali, funsani kuti kachipangizoka n'ka yani. Ngati achimwene anu anakayamba ngati ntchito ya kusukulu, yunivesite ikhoza kukhala ndi gawo. Ngati inu munakaganizira muli pantchito, onani kalata imene munasainira polembedwa ntchito, chifukwa zipatala zambiri za kuno zimalembamo kuti zimene wantchito watulukira pa ntchito yake n'zawo. Zikayera, nonse awiri mulembe kalata yopereka ufulu wa luso lanulo kukampani. Ndipo musaike zithunzi za m'kati mwake pa Facebook kapena kutumiza m'magulu a WhatsApp musanalembetse pempho loyamba la patenti, chikalata choteteza luso lanu kuti ena asalikopere. Pempholi limakusungirani malo kwa miyezi 12. America imakhululuka kwa chaka chimodzi munthu akaonetsa poyera luso lake, koma ku Ulaya ukangoonetsa wataya. Chabwino n'chakuti lamulo la Bayh-Dole la mu 1980 limalola kampani kusunga patenti ya zimene yatulukira ndi ndalama za boma, bola iziwuza boma m'nthawi yake. Boma limatsala ndi ufulu wogwiritsa ntchito lusolo pa zosowa zake osalipira.

Tifike pa funso la sayansi lija, chifukwa apa ndi pamene fomu yanu idzaime kapena kugwa. Choyezera okosijeni, chimene Takuo Aoyagi wa ku Japan anatulukira m'ma 1970, chimawalitsa kuwala kuwiri kudutsa m'chala kapena m'phazi: kofiira kwa 660 nm ndi kosaoneka ndi maso kwa 940 nm (nm ndi muyezo wa kutalika kwa mafunde a kuwala). Magazi odzaza okosijeni amameza kuwala kuwiriku mosiyana ndi magazi opanda okosijeni, ndipo makina amangowerenga gawo limene likugunda limodzi ndi mtima, n'kusandutsa kusiyanako kukhala nambala. Papepala, khungu siliyenera kulowerera, poti siligunda. Koma melanini, chinthu chimene chimadetsa khungu, imameza kuwala kofiira kuposa kwinako, ndipo tebulo limene makina amagwiritsa ntchito posandutsa kuwala kukhala nambala linapangidwa poyesa anthu odzipereka amene ambiri anali akhungu loyera. Zotsatira zake, pa khungu lakuda makina amakonda kuonetsa nambala yokwera kuposa yeniyeni, makamaka okosijeni akamatsika, pa nthawi imene mukufunitsitsa choona. Mu Disembala 2020 Michael Sjoding ndi anzake a ku University of Michigan anaonetsa kuti makina akamanena kuti okosijeni ali pakati pa 92 ndi 96 peresenti, magazi a mumtsempha ankapezeka ali pansi pa 88 pa 11.7 peresenti ya miyezo ya odwala akuda, koma pa 3.6 peresenti yokha ya azungu. Kwa mwana wobadwa masiku asanakwane inu mukudziwa kuposa ine kuti kampata n'kakang'ono: okosijeni akachepa ubongo uli pangozi, akachuluka maso ali pangozi, ndipo namwino amatembenuza kabatani potsatira nambala ya pa sikirini.

Choncho kufunika kwa ntchito yanu sikudzavuta kufotokoza. Chimene oweruza adzafunse ndi ichi: Masimo ndi Medtronic, makampani aakulu opanga zoyezera okosijeni, ali ndi akatswiri ambiri ndi ndalama zambiri, nanga inu mukuchita chiyani chimene iwo sakuchita? M'kalata yanu mwati mukukhulupirira kuti kachipangizo kanu sikanama. Chikhulupiriro chimenecho chisanduke chifukwa chogwirika. Kodi mwawonjezera kuwala kwachitatu? Kodi kamayamba kayeza kuda kwa khungu n'kukonza nambala? Kodi mwasintha mmene nyali ndi diso lolandira kuwala zakhalira pa phazi? Ngati yankho ndi lakuti mwagula zida zomwezo zimene aliyense amagula n'kuziika m'kabokosi kotsika mtengo, imeneyo ikhoza kukhala bizinesi yabwino, koma si ya SBIR.

Tsamba lofunika kuposa onse amalitcha Specific Aims, ndipo ndi limodzi lokha. Mafomu ambiri a anthu oyamba amalemba motere: tipanga chipangizo cholondola, chotsika mtengo, chopulumutsa ana ku Africa. Woweruza akawerenga zimenezo sadziwa chimene mudzachite Lolemba m'mawa, ndipo sadziwa mmene angadziwire ngati mwalephera. Yerekezani ndi izi, manambala ndikungoika ngati chitsanzo. Cholinga choyamba: pa zikopa zopangira mu labotale zokhala ndi melanini wosiyanasiyana, tionetsa kuti kuwala kwathu kwachitatu kumachepetsa kulakwitsa ndi theka poyerekeza ndi kuwala kuwiri kwa nthawi zonse. Cholinga chachiwiri: mwa akuluakulu athanzi odzipereka, a khungu loyera mpaka lakuda bii, amene okosijeni wawo akutsitsidwa pang'onopang'ono mpaka 70 peresenti moyang'aniridwa ndi dokotala, tiyerekeza nambala yathu ndi magazi otengedwa mumtsempha wa padzanja, ndipo tidzati tapambana ngati kusiyana kwa magulu a khungu sikufika 1 peresenti. Mwaona kuti mulibe khanda ngakhale mmodzi mu Phase I imeneyi. Khanda salitsitsa okosijeni dala. Ana amabwera mu Phase II, ndipo amakhala aja ali kale ndi kachubu mumtsempha pa zifukwa za chithandizo chawo. Kuyesa kotsitsa okosijeni kumachitika m'malo ochepa, ndipo odziwika kwambiri ndi labotale ya University of California ku San Francisco. Funsani mtengo wake musanalembe bajeti, chifukwa mu SBIR Phase I kampani iyenera kuchita yokha magawo awiri mwa atatu a ntchito, ndipo zolipira anthu akunja zisapitirire gawo lotsalalo. Pambuyo pa tsamba limeneli muli ndi masamba 6 okha ofotokozera njira yonse, ndiye ikanimo ngakhale kagirafu kamodzi ka zimene munayeza kale patebulo panu. Lamulo silikakamiza umboni woyambirira mu Phase I, koma fomu yopanda umboni siipikisana ndi yokhala nawo.

FDA, bungwe la boma lovomereza mankhwala ndi zipangizo za m'chipatala, muiganizire kuyambira lero. Choyezera okosijeni cha m'chipatala chili m'gulu lachiwiri la zipangizo, ndipo chimadutsa njira ya 510(k), yoonetsa kuti chanu chikufanana ndi china chololedwa kale. Malangizo a mu 2013 ankangofuna anthu 10 oyesedwa, awiri mwa iwo kapena 15 peresenti akhale akhungu lakuda, ndipo kuchepa kumeneko ndi mbali ya gwero la vutoli. Mu Januwale 2025 FDA inatulutsa malangizo atsopano oti anthu akambirane, ofuna anthu 150 ndi kuyeza khungu pa sikelo ya Monk ya mitundu 10. Pali msonkhano waulere wotchedwa Pre-Submission: mumatumiza dongosolo lanu ndi mafunso anu, ndipo pakapita miyezi iwiri ndi theka amakuyankhani molemba. Fomu ya NIH yonena kuti tinafunsa FDA ndipo anatiyankha zakutizakuti imalemera kwambiri pamaso pa oweruza.

Funso lina limene anamwino salikonda ndi lakuti adzagule ndani. Namwino ndiye amaona vuto, koma sagula. Zipatala za kuno zimamangidwa ndi mapangano a zaka zingapo ndi kampani imodzi, ndipo phindu la kampaniyo lili pa timasensa totaya tikagwira ntchito pa wodwala mmodzi. Kulowa pamenepo ndi makina anu athunthu n'kovuta, ndipo mwina njira yanu ndi yodzagulitsa luso lanu kwa wopanga makina wamkulu. Kwathu n'zosiyana: sensa yotaya ikatha m'sitolo makina amagona m'kabati, ndiye kumafunika yochapika, yolimba, ndi batire lopirira kuzima kwa magetsi. Misika iwiriyi ikhoza kufuna zipangizo ziwiri. NIH ili ndi maphunziro otchedwa I-Corps a opambana Phase I, a masabata 8, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kucheza ndi anthu 100 amene angagule, kugwiritsa ntchito kapena kukana chinthu chanu. Palibe chokuletsani kuyamba macheza amenewo panopa ndi wogula katundu wa chipatala, katswiri wokonza makina, ndi dokotala wa ana akhanda, osaulula za m'kati mwa kachipangizo. Ena mwa iwo adzakulemberani makalata othandizira fomu.

Fomu ikafika imapita ku gulu la akatswiri ochokera m'mayunivesite ndi m'makampani. Atatu amaiwerenga mwakuya n'kupereka malikisi kuyambira 1, amene ndi apamwamba, mpaka 9, poyang'ana kufunika kwa ntchito, luso la gulu lanu, chatsopano chimene mwabweretsa, njira yanu, ndi malo ogwirira ntchito. Pafupifupi theka la mafomu sakambidwa n'komwe pamsonkhano. Mwa mafomu 10 a Phase I, opambana amakhala 1 kapena 2. Koma aliyense, ngakhale wosakambidwa, amalandira ndemanga zolembedwa za oweruza, ndipo amaloledwa kutumizanso fomu yokonzedwa ndi tsamba limodzi loyankha ndemangazo. Ambiri amene ndawaona akupambana anapambana ulendo wachiwiri. Ndemanga zimapweteka, makamaka zikati gulu lanu lilibe katswiri wa masamu a kafukufuku kapena wa malamulo a FDA, koma zikatero akuuzani dzina la munthu woti mukamufune. Masiku otumizira a nthawi zonse akhala 5 Januwale, 5 Epulo ndi 5 Sepitembala, ndipo kuchokera potumiza mpaka ndalama kulowa pamapita miyezi 6 mpaka 9 zikayenda bwino.

Musanatumize kampani ilembetsedwe malo anayi: SAM.gov, Grants.gov, eRA Commons ndi kaundula wa makampani wa SBA, nthambi ya boma yoona za mabizinesi ang'onoang'ono. Zimatha kutenga masabata 6 kapena kupitirira, ndipo dzina ndi keyala ya kampani zilembedwe chimodzimodzi paliponse, chifukwa kachidontho kamodzi kosiyana kamabweza zonse. Malo onsewa ndi aulere. Munthu akakuimbirani foni kapena kukulemberani pa Facebook kuti mwasankhidwa kulandira granti ya boma, mungotumiza kangachepe koyendetsera mapepala, ameneyo ndi wakuba, ndipo anthu obwera kuchokera kunja ndi amene amawasaka kwambiri. Alangizi enieni olemba mafomu alipo ndipo amalipiritsa, koma yambani ndi Small Business Development Center ya m'dera lanu, imene imalangiza kwaulere. Indiana ndi chimodzi mwa zigawo zimene zakhala zikuwonjezera ndalama zawo pamwamba pa Phase I, ndiye mukafunsenso zimenezo.

Ndipo walira mvula walira matope. Ndalama za boma zimabwera ndi mabuku: akaunti ya kampani yosiyana ndi yanu, pepala la maola a munthu aliyense wolipidwa ndi granti lodzazidwa tsiku ndi tsiku, lisiti ya kanthu kalikonse. Mumaloledwa kuika ndalama zoyendetsera kampani mpaka 40 peresenti mu Phase I popanda kukambirana mwapadera, ndi kaphindu ka 7 peresenti kamene mungagwiritse ntchito mmene mukufunira. Tikiti ya achimwene anu kapena loya wa patenti angatuluke pamenepo. Zotsalazo zipite pa zimene munalemba basi. Kunama za amene akugwira ntchito kapena kumene ntchito ikuchitikira ndi mlandu wa boma lalikulu, anthu amamangidwa nawo, ndipo kwa munthu wa green card ukhoza kukhudza ndi chilolezo chokhalira m'dziko muno.

Sabata ino lembani tsamba limodzi lija, ngakhale likhale losalongosoka. Kenako pitani pa NIH RePORTER, malo aulere oonetsa ntchito zonse zimene NIH inalipira, mufufuze za zoyezera okosijeni ndi khungu, muone amene analandira kale, anapempha chiyani, ndi nthambi imene inawapatsa. Kachipangizo kanu kangagwere ku NICHD yoona za ana, ku NHLBI yoona za mtima, mapapo ndi magazi, kapena ku NIBIB yoona za zipangizo. Nthambi iliyonse ili ndi program officer, mkulu woyang'anira magranti a makampani ang'onoang'ono, ndipo dzina lake ndi imelo yake zili poyera. Mulembereni mizere yochepa, muphatikize tsamba lanulo, mupemphe mphindi 20 pafoni, ndipo mumufunse zinthu zitatu: ngati ntchitoyi ikugwirizana ndi zimene nthambi yake ikufuna chaka chino, ngati kwa inu akuona SBIR kapena STTR, ndi mmene mungalembere za achimwene anu a ku Blantyre.